Tsidya lija n'pafupi

Ndili pa Malomo pano kudikira galimoto yotsikira ku Nkhotakota, maganizo andipeza. Tikakwera phiri la Ntchisi kunja kutayera, nyanja timaiona. Tsidya lake ndi Mozambique, ku Metangula, kumene amayankhula Chinyanja chathu chomwechi. Nanga mtedza ndi soya wathu sangakagulitsidwe kumeneko?

Vuto ndi pokwerera. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda mu 1951, ndi gogo ndithu, ndipo imazungulira nyanja kamodzi pa sabata. Ikaima pa Nkhotakota imatsalira pakuya, anthu n'kumaifikira pa mabwato, thumba lili pamutu. Ndege za ku Likoma zija, aaa, n'za alendo a ndalama zawo.

Aboma, tikonzereni doko pa Nkhotakota, katundu tili naye.