Mibulu ya pa Msewu wa Makala: Kuchokera ku Dzalanyama Kukafika ku Kawale

Msewu wochokera ku nkhalango ya Dzalanyama, imene inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1922, umadutsa ku Likuni n'kulowa mumzinda wa Lilongwe kudzera kwa Chinsapo, ndipo woutsata m'mbandakucha amakumana ndi mdipiti wa njinga zakapalasa zosenza matumba a makala osanjikizana pa keliyala. Pachitunda palibe wopalasa, chifukwa mwini njinga amatsika n'kuikankha atawerama, phewa litatsamira thumba, malaya atanyoweratu ndi thukuta losakanikirana ndi fumbi lakuda. Zoti malondawa akupulula nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe umachokera zanenedwa kambirimbiri, koma za matupi a osenzawo sizimveka kawirikawiri.

Funso la mankhwala a ululu oyenera munthu wokhala pachishalo tsiku lonse ndi lovuta. Kuno limayankhidwa pazenera la okala, pamene munthu amene m'thupi mukuphwanya amangonena kuti akufuna amphamvu, n'kupatsidwa mibulu iwiri yodulidwa ndi lezala pakapepala kake, popanda mawu alionse a kamwedwe. Amphamvuwo nthawi zambiri amakhala Brufen, diclofenac kapena Indocid, onse a gulu lotchedwa NSAID, kutanthauza mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa poletsa thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin. Vuto lagona poti timadzi tomweti ndi timene timateteza khoma la m'mimba kuti lisachite zilonda, komanso timathandiza magazi kuyenda bwino mu impso pamene madzi achepa m'thupi. Choncho wopalasa amene wanyamuka usiku m'mimba muli pululu, thukuta likuchucha, madzi osamwa, ndi mmodzi mwa amene mankhwalawa angawavulaze kwambiri, makamaka akaphatikiza mitundu iwiri poganiza kuti ndi yosiyana. Impso zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi, amene m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central alipo ochepa poyerekeza ndi owafuna, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti bambo wodyetsa banja ndi miyendo yake angafike kumeneko chifukwa cha mibulu yotsika mtengo chonchi.

Mankhwala otetezeka kwambiri pa ulendo wotere ndi paracetamol, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Panado, malinga ngati muyezo wake ukutsatidwa: munthu wamkulu amwe mibulu iwiri ya mamiligalamu 500, padutse maola osachepera 4, ndipo isapitirire mibulu 8 pa maola 24. Kupyola pamenepo chiwindi chimaonongeka mwakachetechete, ndipo chiopsezo chimakula kwa womwa kachasu komanso kwa womwa mankhwala a chimfine amene kale ali ndi paracetamol m'kati mwake. Brufen ali ndi malo ake pamene bondo latupa, koma amwedwe munthu atafika, atadya nsima ndi kumwa madzi okwanira, kwa masiku ochepa okha, ndipo asayandikire wodwala zilonda za m'mimba, impso kapena kuthamanga kwa magazi asanaonane ndi dokotala. Tramadol ndi nkhani ina, pakuti amabweretsa chizungulire, tulo ndi chibaba, zimene n'zoopsa kwa munthu wotsetsereka ndi matumba atatu pakati pa maminibasi. Ayenera kutuluka m'famase ndi kalata ya dokotala yokha, ndipo bungwe la PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo lili ndi udindo woyang'anira zimenezi.

Akawoloka mtsinje wa Lilongwe, amalondawa amamwazikana m'makwalala a ku Biwi, Kawale ndi Area 23, ndipo dzuwa likamapendeka amabwerera njinga zili zopepuka koma misana ili yolemera. Ululu wambiri umachokera panjinga pomwepo, chifukwa chishalo chotsika kwambiri chimapinda bondo mopitirira muyezo, ndipo kuchikweza kuti mwendo uziwongoka pang'ono kumachepetsa vuto popanda mbulu. Thobwa, madzi kapena Thanzi ORS panjira zimateteza impso. Koma chimbudzi chakuda bii, mkodzo wochepa ndi wofiirira, kutupa mapazi, kapena dzanzi lotsika kuchokera m'chiuno kukafika kuphazi ndi zizindikiro zofunika chipatala tsiku lomwelo, ndipo cha Likuni chili m'njira momwemo, pamene cha Kawale ndi cha Bwaila zili kufupi ndi kumene makalawo amagulitsidwa.