Mtondo wa Amayi Walowa mu Nyimbo

Anzanga amene munkandiona ndikuwodzera m'kalasi mwezi wa Januwale, makamaka iwe amene unkandigunda ndi chigongono aphunzitsi a Biology akayang'ana kumbali yathu, lero ndiulule. Sanali malungo ayi. Ndinkagona mochedwa chifukwa ndinkapanga nyimbo.

Achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni sabata ya Khirisimasi, ndipo m'foni mwawo munali pulogalamu yotchedwa FL Studio Mobile. Amapiano tonse timawadziwa. Ukafika padoko pa Kachulu akulira, pometera tsitsi akulira, m'minibasi yopita ku Zomba ndi omwewo. Koma ine ndinkaganiza kuti nyimbo ngati za Kabza De Small zimafuna nyumba yodzaza ndi makina. Achimwene anaseka, nkundipatsa foni ndi mahedifoni omwe amalira khutu limodzi lokha. Anati, "Chemwali, sewera nayo, koma udziwe kuti Januwale akamatha foniyi ikubwerera nane."

Chinthu choyamba chimene umaona ndi timabokosi 16 tondondozana. Timabokosi timeneti ndi bar imodzi, ndipo mu bar imodzi muli kugunda kunayi: wani, thuu, firii, folo. Ukadina kabokosi, ng'oma imalira pamenepo. Ndinaika kick, ng'oma yakuya ija, pa kabokosi 1, 5, 9 ndi 13, ndipo inayamba du, du, du, du osatopa. Liwiro lake amaliyeza ndi BPM, kutanthauza kuti ikugunda kangati pa mphindi imodzi. Amapiano sathamanga, amayenda cha m'ma 110 mpaka 115, ndiye ine ndinasankha 112. Tsiku limenelo nsima ndinadya yozizira.

Patapita masiku atatu zinanditopetsa. Ng'oma za m'pulogalamumo ndi zabwino, koma aliyense amene ali ndi pulogalamuyo, kaya ali ku Soweto kaya ku Ndirande, ali nazo zomwezo. Loweruka lina tikukonola chimanga ndi amayi, iwo munsi wawo ine wanga, ndinamva kuti mtondo ukulira du, du, du, ndendende ngati kick ija, koma wonona kuposa. Ndinasiya munsi, kuthamangira foni. Amayi anati, "Iwe, chimangachi chikonoledwa ndi foni?" Koma anapitiriza kusinja, ine ndikujambula. Usiku ndinadula kugunda kumodzi kokha, kumene kunamveka bwino kopanda mawu a nkhuku, nkukuika m'malo mwa kick. M'mawa mwake ndinajambulanso lichero amayi akupeta gaga, tche-tche-tche, ndipo limenelo linakhala sheka yanga.

Chovuta chinali log drum, besi yodumphadumpha ija imene imapangitsa kuti amapiano akhale amapiano. Ndinayesa ndowa, inalira mopyapyala. Ndinayesa chitseko, ayi ndithu. Chimene chinagwira ndi chigubu cha malita 20 chimene timatungira madzi kumjigo, chopanda kanthu, ndikachimenya ndi chikhatho pambali. Pulogalamuyo imatha kutenga kulira kumodzi nkukukweza kapena kukutsitsa ngati makiyi a kiyibodi ya kutchalitchi, ndiye chigubu chimodzi chinayamba kuyimba manotsi anayi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinali ndi mtondo, lichero, chigubu, makodi a piyano, kuwomba m'manja, ngakhale likhweru la mng'ono wanga. Chilichonse ndinkachikonda, ndiye ndinaziyatsa zonse kuyambira sekondi yoyamba mpaka yomaliza, mphindi zinayi zathunthu. M'khutu langa limodzi lija zinkamveka bwino zedi. Ndinapita nayo kumene timatchajitsa mafoni, pamene pali sola ndi chisipika chachikulu, nkupempha kuti ayiike. Panali anyamata angapo akudikira kumetedwa. Nyimbo itangoyamba sipika inayamba kunjenjemera, mtondo ndi chigubu zikulimbana, osadziwika kuti uyu ndani uyu ndani. Mnyamata wina, ndipo amaphunzira pano, dzina sinditchula, anakuwa kuti, "Chigayo chayamba, bweretsani matumba!" Onse anafa nacho chiseko. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwedeza mutu. Ndinabwerera kunyumba kudzera njira ya kumunda kuti ndisakumane ndi munthu.

Amene anandithandiza si achimwene, ndi agogo aamuna. Iwo ankaimba ng'oma za tchopa ali ndi mphamvu, ndipo nyimbo za m'mafoni amati ndi phokoso la ana. Madzulo amenewo anandiona nditakhala ndwii pakhonde, nkundiuza kuti ndiwamvetsere chimene chikundiliza. Ndinawaika hedifoni kukhutu. Anamvetsera mwina theka la mphindi, nkuichotsa. Anati, "Ng'oma zako zonse zikuyankhula nthawi imodzi. Nanga wovina aponda pati?" Kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono, nkusiya, nkundiyang'ana. Ine ndinapezeka ndikudikira kuti awombenso. Atawomba, phewa langa linagwedezeka lokha.

Usiku umenewo sindinawonjezere kanthu, ndinangoyamba kuzimitsa. Ma bar 16 oyamba ndinasiya lichero ndi mtondo basi. Ndinachita kuwerengera kuseri kwa kope la Masamu: ma bar 16 kuchulukitsa ndi 4 ndi kugunda 64, ndipo pa liwiro la 112 amenewo ndi masekondi pafupifupi 34. Poyamba ndinkaona ngati ndi nthawi yaitali kwambiri yopanda kanthu, chala chikuyabwa kuti ndiikepo china. Ndinadzigwira. Ma bar 16 otsatira ndinalowetsa piyano, makodi awiri okha obwerezabwereza. Kenako ndinachita chimene chinkandiopsa: ndinachotsa mtondo kwa ma bar 8, kutsala piyano ndi lichero, ngati nthaka yachoka kuphazi. Pa bar yomaliza ndinazimitsa zonse, zii, kugunda kumodzi kokha. Ndiyeno mtondo ndi chigubu nkugwera pamodzi. Apa ndi pamene amati drop. Chigubu chija chinalipo kale m'nyimbo yoyamba ija, manotsi omwewo, koma tsopano munthu wachidikira kupitirira mphindi imodzi asanachimve.

Nkhondo ya mtondo ndi chigubu ndinaithetsa mwanjira yomwe timakonolera anthu awiri mtondo umodzi. Minsi iwiri siilowa pamodzi, wina akatsitsa wina amakweza. Zonse ziwiri ndi zakuya, ndiye zikalira pa kabokosi kamodzi sipika imasokonezeka. Ndinasuntha manotsi ambiri a chigubu kuti azigwera pakati, pamene mtondo wapuma, ndipo pamene zinakumanabe ndinatsitsa mphamvu ya chigubu. Likhweru la mng'ono wanga ndinalichotseratu. Mpaka lero sanandikhululukire.

Zonsezi zinadya masabata awiri, ndipo si nthawi yokha. Ndalama yotchajitsira inkachokera ku ya mandasi a pa buleki. Foni ndinkaipeza usiku achimwene akagona, chifukwa masana ndili kuno, ndikaweruka pali ulendo wapansi, madzi, mbale. Mayeso a Masamu a mwezi umenewo ndinapeza 38. Amayi ataona pepala sanakalipe, anangoti, "JCE ikubwerayi ukalemba za chigubu?" Yankho ndinalibe, ndipo kunena zoona ndilibebe. Pali anzanga a Fomu 2 amene amati nyimbo ndi zotayitsa nthawi, ena amati sukulu ndiye yotayitsa nthawi poti oimba akudya bwino. Ine mbali zonsezi sindikuzimva. Ndikudziwa kuti 38 ndi yanga, palibe anandilembera, komanso ndikudziwa kuti 64 kugawa ndi 112 ndi samu yoyamba imene ndinaipanga popanda munthu kundituma.

Kutatsala masiku awiri kuti achimwene anyamuke, ndinabwerera kuchisipika kuja, mtima uli m'mwamba. Masekondi 34 oyamba anthu ankangocheza zawo. Piyano italowa, mayi wina wogulitsa matemba anayamba kugwedeza phazi. Pamene panati zii, ometa anaimitsa makina m'mwamba, kuyesa kuti batire yatha. Chigubu chitagwa, ana awiri amene ankasewera panja anayamba kuvina pafumbi. Wa chigayo uja analipo. Sanavine, koma anafunsa kuti, "Aise, imeneyi ndi ya ndani?"

Foni inapita ku Joni, ndipo timabokosi tonse tinapita nayo. Chimene ndatsala nacho ndi MP3 pa memore khadi, imene sindingathenso kuisintha. Pa mphindi 2 ndi masekondi 10 pali malo pamene lichero likuchedwa pang'ono, ndipo nthawi iliyonse ndikafika pamenepo ndimaluma mano. Amayi anaimva kamodzi pa wailesi ya aneba. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti munsi umenewo ndi wawo, wanga sulira choncho.

Amene akufuna kuimva andipeze Lachisanu tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa Fomu 2. Khadi ndibweretsa ine, wina abweretse foni yokhala ndi moto.