Njinga ya magiya inandiphunzitsa kumva za mkazi wanga

Sabata yatha kunyumba kunafika mphwanga ndi mkazi wake nkhope zili gwaa. Banja lawo silinathe n'chaka chomwe koma ayamba kale kugona mofulatirana, ndipo nkhani yake ndi njinga. Mwamuna akufuna ya magetsi yomwe anaiona pa Facebook, pomwe mkazi akuti agule yakapalasa wamba yokhala ndi kaliyala wolimba. Ndisanaweruze mlanduwo ndinayamba ndawafotokozera zomwe zinandionekera ine, ndipo ndati nanunso mumveko.

Ndinakwatira mu 2008 ndipo ndinakakhala chikamwini kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga. Mu 2010 mpunga unatichitira chifundo. Titagulitsa tinagwirizana zogula njinga yoti ndizipikulira matemba ndi milamba kudoko n'kumakagulitsa pa Ntaja. Tsiku lonyamuka mayi a kunyumba ananditsina khutu: "Bambo a mwana, mukagule ngati ya amalume ija, ya tcheni chimodzi."

Ndinakwera sitima pa Nayuchi mpaka ku Balaka. Kumeneko maso anga anagwa pa njinga ina yofiira, ya magiya 18, matayala a mano ndi sipuling'i pansi pa chishalo, zija amati mountain bike. Ndinadziona kale anyamata a pabawo akundicheukira. Mawu a mkazi wanga ndinawaiwalira pomwepo.

Nditafika nayo, iye anaizungulira kawiri n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga dengu la nsomba mudzamanga pati?" Ndinapsa mtima, ati mkazi adziwa chiyani za njinga. Ndinakaotcheretsa kaliyala kwa owotcherera zitsulo, koma kaamba ka sipuling'i ija katundu ankangovina kumbuyo. Pa miyezi itatu masipoko anayi anali atathyoka.

Choonadi chinadzaoneka mu February 2011. Mwana wathu woyamba, wa zaka ziwiri, anatentha thupi usiku mpaka kuyamba kukomoka. Mvula inali itagwa madzulo. Mayi ake anam'bereka kumbuyo, n'kukhala pa kaliyala uja, ulendo wa kuchipatala. Amene mukudziwa njira za kwathu mukudziwa kuti ukachoka mumchenga umalowa m'matope a makande. Kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndiye kanatola udzu ndi matope, n'kupindikira m'masipoko. Tcheni chinaduka. Tinaima pakati pa dambo, mumdima, mwana ali wefuwefu.

Mkazi wanga sananene kanthu. Anangoyamba kuthamanga ndi mwana kulowera komwe kunkauwa agalu. Bambo wina yemwe sitinkamudziwa n'komwe anatibwereka Humber yake yakalekale, yopanda ndi mabuleki akutsogolo omwe. Imeneyo ndiyo inatifikitsa. Anali malungo, ndipo mwanayo anachira. Lero ndi mnyamata wamtali kundiposa, koma ndikamuona ndimakumbukira kuti ndikanamutaya chifukwa chofuna kutchena.

M'mawa mwake ndinakankha njinga yanga kupita kwa mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anapukusa mutu. Tcheni cha njinga ya magiya n'chopyapyala kusiyana ndi cha njinga wamba, choncho chomwe anali nacho sichikanalowa. Kachitsulo kaja ndiye kankafunika kukasaka ku Liwonde kapena ku Balaka. Njinga inakhala pakhonde milungu itatu, bizinesi ya nsomba ili chiimire.

Musandimve molakwa, sindikunyoza mountain bike. Njingazi zinayambira ku California m'dziko la America m'zaka za m'ma 1970, pomwe anyamata ankapikisana kutsetsereka m'mapiri. Ntchito yake ndi imeneyo: munthu mmodzi, chitunda ndi liwiro. Ngati mumakwera mapiri a Chikala kapena a Zomba opanda katundu, magiya adzakupulumutsani mawondo. Koma kuno ku Chiuta n'kuchidikha, ndipo njinga ndiyo ngolo, ndiyo ambulansi, ndiyo basi yopita kuchigayo. Taonani anyamata a kabaza pa Balaka. Amapalasa tsiku lonse atanyamula anthu, koma ambiri mwa iwo amadalira njinga za giya imodzi. Amadziwa chomwe chimabweretsa ndalama.

N'chifukwa chakenso bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, linapanga njinga ya Buffalo yolemera ndi yosakometsera, yokhala ndi kaliyala wotha kusenza makilogalamu 100. Ena amadandaula kuti ndi yodula komanso yolemera pachitunda, ndipo akunena zoona. Koma ganizo lake ndi lomwe mkazi wanga anali nalo kalekale.

Nanga ya magetsi yomwe mphwanga akuilota? Ubwino ulipo. Sifuna petulo, ndipo amene anagona pamizere ya mafuta mu 2011 ndi mu 2024 akudziwa phindu lake. Imathandizanso munthu wamkulu amene mphamvu zayamba kuchepa. Koma batire lake limafuna kutchaja, pomwe kwa mphwanga magetsi kulibe, foni yomwe amakatchajitsa kumsika. Batire likatha panjira umatsala ndi chinjinga cholemera kuposa wamba. Pakapita zaka zingapo limafooka, ndipo latsopano limachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wakunja anakwera mtengo. Kwa mphunzitsi wokhala pa Liwonde, m'nyumba ya magetsi, nkhani ndi ina. Kwa mlimi wa m'mbali mwa Chiuta, ayambe waganiza kawiri.

Choncho inu a mabanja achinyamata, musanatulutse ndalama dzifunseni mafunso atatu. Kodi njingayi izinyamula chiyani? Ikafa, aikonza ndani pamudzi pano ndipo zipangizo zili kuti? Kodi mayi a kunyumba atha kuikwera okha tsiku lomwe bambo achokapo? Inunso makolo ogulira mwana njinga ya kusukulu, mwana adzalirira ya magiya chifukwa anzake ali nayo, koma amene azidzaikonzetsa ndi inu.

Chachikulu n'chakuti ndalama munakhetsera thukuta awiri musakaiwonongere m'sitolo nokha. Ine ndinkaona utoto, mkazi wanga ankaona dengu la nsomba ndi mwana wodwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Yofiira ija ndinaigulitsa motchipa kwa mnyamata wina wa pasukulu, n'kugula Hero yogwiritsidwapo kale ntchito yomwe ikuyenda mpaka lero. Mphwanga anamvetsera ali zyolizyoli, kenako anati akaganiza. Ndamva kuti Loweruka apita ku Balaka, ndipo ulendo uno apitira limodzi ndi mkazi wake.