Mlatho wa Nyimbo

Pafupi ndi phiri la Domwe, m'boma la Angónia, pali mudzi wina wa alimi a cimanga ndi mbatatesi. M'mudzimo mumakhala mnyamata wa zaka 17 pamodzi ndi agogo ake aakazi. Loweruka lililonse, akatha kuthirira kudimba, mnyamatayu amakwera njinga kupita ku Ulongwe. Kumeneko kuli msuweni wake amene ali ndi kompyuta yakale. M'kompyutamo muli pulogalamu ya FL Studio, yocokera ku Belgium. Ndi pulogalamuyi munthu amasanja kulira kwa ng'oma, besi ndi limba, osagwira ng'oma yeniyeni. Anyamata nchito imeneyi amati kupanga biti.

Aphunzitsi anamupempha kuti akonze nyimbo ya pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mtendere. Pa tsiku limeneli mu 1992, ku Roma, anasaina pangano lothetsa nkhondo ya m'dziko la Mozambique. Pa nkhondoyo anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Agogo ake a mnyamatayu anali mmodzi wa iwo.

Mnyamata uja anayamba ndi kuwerenga. Munthu akawerenga 1, 2, 3, 4 motsata ng'oma, ndiye kuti watha muyeso umodzi. Ndime yoyamba anaipatsa miyeso 16, ndipo inanena za kuthawa usiku. Kolasi anaipatsa miyeso 8, ndipo inanena za kubwerera kwawo. Ndime yaciwiri inanena za moyo wa ku Dedza. Kenaka kolasi inabweranso, ndi kubweranso, mpaka nyimbo kutha. Anaiika m'foni, nabwerera kumudzi ali wokondwa.

Anapeza agogo akutonola cimanga pakhonde. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka nchito.

"Agogo, mwaimva bwanji?"

"Ng'oma zikulira bwino, mdzukulu wanga. Koma nyimbo yako ili ngati mbuzi yomangidwa pacikhomo. Ikungozungulira pamalo amodzi."

Mnyamatayo anakhumudwa, koma anakhala pansi.

"Ine ndinali wotsogolera nyimbo ku cintali," anatero agogo. "Ndikayambitsa, anzanga ankavomera. Koma gule akafika pakati, sindinkabwereza zomwezo ayi. Ndinkakweza mawu, n'kunena cinthu cimene anthu sanali kuyembekeza. Ndikabwerera kunyimbo ija, anzanga ankavomera ndi mphamvu zatsopano. Kodi sunamve mbalule ku Gule Wamkulu? Ng'oma zina zimagwira njira imodzi, koma mbalule imapatuka, kutsata mapazi a wovina."

Loweruka lotsatira anafotokozera msuweni wake mawu amenewa. Msuweniyo anaseka.

"Agogo akunena zoona. Cimene cikusowa ndi mlatho. M'Cipwitikizi amati ponte. Ndi kacigawo kamene kamabwera kamodzi kokha, kawirikawiri kolasi yaciwiri ikatha. Kamatenga munthu tsidya lino, n'kukamusiya pa kolasi yomaliza."

Anakhala pa kompyuta tsiku lonse, ndipo mnyamatayo analemba m'kope lake zinthu zinayi.

Coyamba, mlatho ukhale waufupi. Miyeso 8 ndi yokwanira, nthawi zina 4 yokha. Ukatalika, womvera amaiwala kumene nyimbo imapita.

Caciwiri, usawonjezere zinthu msanga, yamba wacotsa. Anazimitsa ng'oma yaikulu ndi besi, nasiya limba ndi kuomba m'manja. Nyimbo inakhala ngati yapuma.

Cacitatu, kaimbidwe kasinthe. Ngati ndime ndi kolasi zimayambira pa liwu limodzi la limba, mlatho uyambire pa lina. Ngati woimba anali pansi, akwere. Koma liwiro la biti lisasinthe, kuti ovina asasokonezeke.

Cacinayi, konza pobwerera. Pa muyeso womaliza ng'oma zazing'ono zigunde mofulumira, kapena zonse zikhale cete pang'ono, kuti kolasi ikalowa, ilowe ndi ng'oma zonse pamodzi.

Pofika madzulo biti inali itakonzeka. Koma pa miyeso 8 ija panalibe mawu. Mnyamatayo analemba za mtendere, nafufuta. Analemba za sukulu ndi misewu, nafufutanso. Zonsezo zinali zitanenedwa kale m'kolasi.

"Mawu a pamlatho asabwereze za m'ndime," anatero msuweni wake. "Anene cimene nyimbo yakhala ikubisa."

Usiku umenewo kunazizira kwambiri, monga kumacitira kumapiri kuno. Agogo ndi mdzukulu anali kuotha moto m'khichini.

"Agogo, pa ulendo uja wa ku Dedza, kodi pali cimene simunandiuze?"

Agogo anasonkha moto, nakhala cete nthawi yaitali.

"Tinacoka kuno mu 1986," anayamba motero. "Amayi ako ndinawagwira padzanja. Kumbuyo ndinabereka mng'ono wawo, khanda la miyezi isanu. Titafika kutsidya, mwanayo anayamba kutsegula m'mimba. Sanathe sabata ziwiri. Tinamuika kumanda a eni mudzi, amene anaticitira cifundo. Mtendere utabwera, anthu ankaimba m'njira monse pobwerera. Inenso ndinaimba nawo. Koma nsalu ya kumsana kwanga inali yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo sindinatsogolerenso nyimbo ku cintali."

Mnyamatayo sanadziwe kuti amayi ake anali ndi mng'ono wawo. Anaona kuti kolasi yake inali kunena kuti onse anabwerera, pamene ena anatsala.

"Agogo, mawu amenewa si anga. Kodi mungaimbe ndinu?"

"Iyayi, mdzukulu wanga. Mawu anga anauma kale."

Iye sanawakakamize. Patapita masiku atatu, m'mawa, anamva agogo akuimba motsitsa kuseri kwa nkhokwe, akupeta mphale. Anali kuitana mwana uja ndi dzina lake, kumuuza kuti kumudzi mvula ikugwa bwino. Mnyamatayo anayandikira, nagwada, nawaonetsa foni. Agogo anamuyang'ana, nagwedeza mutu kuvomera, nayambanso kuimba.

Ku Ulongwe anaika mawu a agogo pa miyeso 8 ija. Anacotsanso limba, nasiya kuomba m'manja kokha. Kolasi sanaisinthe ngakhale liwu limodzi.

Pa 4 Okutobala makolo anasonkhana pabwalo la sukulu. Nyimbo itayamba, ana anavina ndi kufuula. Kolasi yaciwiri itatha, ng'oma zinaleka, ndipo panamveka mawu a nkhalamba. Ana anaima. Amayi ena acikulire anaweramitsa mitu, cifukwa nawonso anasiya abale awo kutsidya. Kenaka kunakhala cete pang'ono, ng'oma zonse n'kugwa pamodzi. Kolasi inali yomwe ija ya kubwerera kwawo, koma tsopano akuluakulu ndiwo anaivomera, ana n'kumatsatira.

Pobwerera kumudzi, mnyamatayo anakankha njinga, agogo akuyenda pambali pake.

"Agogo, mbuzi ija bwanji?"

"Yamasuka," anayankha. "Koma pamene ndikuimba ine paja, unafulumira kubweza ng'oma. Ukanadikira pang'ono."

Mnyamatayo anatulutsa kope lake, nalemba mawuwo pansi pa zinthu zinayi zija.