Kale Ankayeza Chifuwa, Lero Ayeza Mapepala

Ife a ku Mchinji ulendo sitiudabwa. Malire a Zambia ali pakhomo pathu, ndipo ambiri tili ndi abale ku Chipata amene timalira nawo maliro ndi kuvina nawo maukwati. Kuyambira masiku amene boma lathu linkatchedwa Fort Manning, amuna a kuno akhala akunyamuka kukafuna ntchito ku Halale, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia ndi ku Joni. Ena anabwera ndi njinga ndi makina osokera, ena anasanduka matchona.

Agogo anga aamuna anapita ndi Wenela. Ankatiuza kuti polembedwa ankawavula malaya, kuwakweza pa sikelo, kuwamvera m'chifuwa ndi kuwadinditsa chala. Za sukulu panalibe wofunsa. Njira imeneyi inatsekedwa mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalaŵi oposa 70. Theba anaitsegulanso mu 1977, koma nayenso analeka mu 1988. Lero maiko olemera akufunabe anthu athu, koma sikelo yao ndi ina.

Ntchito yanga ndi yolangiza olemba anthu ntchito. Ndimayenda m'maesiteti, m'masitolo ndi m'mabungwe a m'boma lino kuwathandiza kulemba mapangano a ntchito, kuŵerengera matchuthi ndi malipiro, ndi kuweruza milandu ya pantchito isanafike ku khoti. Tsono zaka zino anthu ambiri obwera kwa ine afuna chinthu chimodzi: kalata ya umboni yoti akaonetse kunja. Anamwino, amakaniko, aphunzitsi ndi akalaliki, onse maso ali kutsidya kwa nyanja. Ineyo sindiwadzudzula, pakuti kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo malipiro ambiri sanakwere molingana.

Chifukwa cha mafunso ao ndinaŵerenga malamulo a maiko angapo, ndipo m'mabuku a dziko la Australia ndinapezamo ntchito yanga yomwe, italembedwa dzina ndi nambala. Dziko limenelo limasankha alendo aluso poŵerenga mapointi. Munthu ayenera kufikitsa 65 kuti dzina lake lingoloŵa m'kaundula, ngakhale oitanidwa kaŵirikaŵiri amakhala ndi ochuluka kuposa pamenepo. Wa zaka 25 mpaka 32 amalandira mapointi 30 a msinkhu wake; wa zaka 33 mpaka 39 amalandira 25; wa zaka 40 mpaka 44 amalandira 15; wokwanitsa zaka 45 chitseko chamutsekera. Mapointi ena amachokera ku mayeso a Chingerezi monga IELTS, ku digiri ndi ku zaka zimene munthu wagwira ntchito. Koma zonsezi zisanaŵerengedwe, a ntchito ngati yanga ayenera kuyamba ayesedwa ndi bungwe la VETASSESS, limene limafuna digiri ndiponso umboni wakuti munthuyo waigwiradi ntchitoyo ndi kulipidwa. Mndandanda wa ntchito zofunidwa nawonso umasintha, motero chololedwa chaka chino chikhoza kuchotsedwa chaka chamaŵa.

Apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera. Luso ali nalo, koma umboni alibe. Ndakumana ndi makaniko amene wakonza mathirakitala zaka 15 osalandirapo kapepala ka malipiro ngakhale kamodzi. Analembedwa ntchito pakamwa, ankalandirira ndalama m'manja, ndipo mwini esiteti atamwalira umboni wonse unapita naye kumanda. Kwa oyesa a kunja, zaka 15 zimenezo n'chimodzimodzi sizinakhaleko. Chonsecho lamulo lathu la za ntchito la chaka cha 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka mfundo za pangano zolembedwa, ndiponso kalata ya umboni ntchito ikatha, wantchito akaipempha. Ambiri sadziŵa, ndipo odziŵa amaopa kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pamene umboni woona ukusoŵa, wabodza umabwera msanga. Mwana wa mlongo wanga anabwera kwa ine tsiku lina nati, "Amalume, inu muli ndi chidindo. Ndilembereni kuti ndagwira zaka zisanu." Iye anali atagwira ziŵiri. Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, zaka ziŵiri ndikulembera lero lomwe, ndipo ndizilemba bwino. Zitatu zinazo ukazigwire." Anachoka atakwiya, ndipo mai ake anakhala miyezi osandilankhula. Kukana mbumba yako n'koŵaŵa, makamaka kwathu kuno kumene malume ndiye mwini mbumba. Koma oyesa aja amaimba foni kufunsa, ndipo ku Australia wopezeka ndi pepala labodza akhoza kuletsedwa kupemphanso chiphaso kwa zaka zitatu. Choipa koposa n'chakuti chidindo chikanama kamodzi, makalata onse oona amene chinadinda amayamba kukayikidwa. Bodza la mmodzi likanatsekera njira namwino ndi makaniko amene sanalakwe kanthu.

Nanga ineyo? Mapointi anga ndinawaŵerenga, ndipo akukwana, ngakhale mopereŵera mafuta. Zaka ziŵiri zikubwerazi ndiloŵa m'gulu la a zaka 40, ndipo khumi adzachoka tsiku limodzi. Mkazi wanga akuti tipite chifukwa cha sukulu ya ana, ndipo mau ake ngomveka. Koma pali zina zimene fomu ilibe malo ozilembapo. Siifunsa kuti adzatengera ndani mai anga ku chipatala cha ku Kapiri akadwala usiku, kapena kuti adzakhala nkhoswe ndani pa maukwati a ana a alongo anga. Ndalama zotumiza pa foni zimagula malata ndi feteleza, koma sizikhala pa bwalo kuweruza mlandu wa munda. Tinaona m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 anamwino athu ambiri atapita ku Britain: mabanja ao anapeza bwino, koma m'mawodi munatsala manja ochepa. Onse aŵiri, opita ndi otsala, anali ndi zifukwa zoona.

Tagwirizana kunyumba kuti mapepala tiwakonze, koma chigamulo tidzapange pamodzi ndi abale mbeu zikaloŵa m'nkhokwe, pakuti ulendo wotere sukhala wa munthu mmodzi. Pakadali pano ndili ndi pempho kwa inu makolo. Mwana wanu akapeza ntchito, ngakhale ya m'golosale, muuzeni apemphe pangano lolembedwa ndipo asunge kapepala kalikonse ka malipiro monga musungira kalata ya ubatizo. Wina akabwera kulonjeza ntchito ya kunja nafuna ndalama zambiri kapena kusunga pasipoti, kafunseni ku ofesi ya za ntchito pa boma musanagulitse ng'ombe; atsikana athu amene anakazunzika m'nyumba za ku Oman anayamba ndi malonjezo otere. Ndipo inu olemba anzanu ntchito, musamane wantchito kalata yake. Kwa inu ndi pepala limodzi lokha, koma kwa iye ndi zaka zonse za thukuta lake.