Agogo a ku Mtapa ndi Mababu Awo

M'komboni ya Mtapa, mumzinda wa Gweru, mumakhala agogo ena amasiye omwe amuna awo adachokera ku Dedza nadzakalambira m'migodi ya ku Shurugwi. Pamene bungwe la ZESA linkasinthira anthu mababu akale ndi opotana aja osadya magetsi ambiri, agogowa adalandira anayi mwaulemu, koma mtima uli kwina. Kuwala kwake kudawaipira. Ankati n'koyera mbuu ngati kwa m'chipatala, ndipo nsima imaoneka ngati yadzulo.

Chidawatembenuza mtima si uphungu wa munthu ayi, koma mita yolipiriratu, yomwe idayamba kuikidwa m'nyumba za ku Zimbabwe mu 2012. Kale bilu inkabwera mwezi utatha, munthu n'kungodandaula. Tsopano mayunitsi ankatha iwo akupenya.

Tsiku lina mdzukulu wawo adatenga pensulo. "Agogo, taonani. Babu lakale la mawati 100, likamayaka maola asanu usiku uliwonse, limadya mayunitsi 15 pamwezi. Latsopanoli, la mawati 20, limadya atatu okha, koma kuwala n'kofanana. Pa mababu anu anayi, ndiye kuti 60 kapena 12."

"Nanga enawo amapita kuti, mwanawe?"

Funsolo linali lanzeru. Babu lakale limawala chifukwa kawaya kam'kati kamapsa, choncho pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a mphamvu yake amathera m'kutentha. Agogo adangoseka, poti zimenezi ankazidziwa kalekale: babu lomwelo ndilo linkafunditsa anapiye awo m'katoni nthawi ya chisanu, ndipo chisanu cha ku Gweru sichiseka ndi munthu. Adasunga limodzi la anapiye, nasiya kulipira kutentha kumene kunkangothera kudenga.

Mu 2017 boma lidaletsa kugulitsa mababu akalewo, ndipo lero m'masitolo mwadzaza a LED, omwe amadya magetsi ochepa koposa. Opotana aja atsala m'nyumba zowerengeka. Ali ndi chilema chimene ambiri sadauzidwe: m'kati mwake muli mekyule pang'ono, yemwe ndi poizoni. Limodzi litasweka, mdzukulu uja adatsekula mawindo, natulutsa ana, natola magalasi ndi katoni, osati ndi manja, nawatsekera m'botolo kutali ndi dimba ndi chitsime.

Babu la anapiye lidapsa pambuyo pake, lina osapezekanso. Agogo adabwerera ku mphika wa makala, monga ankachitira amayi awo.