Jekete la Injini ya Atsibweni

Kwathu ku Bembeke munthu akati ali kudimba, dziwani kuti ali m'mizere ya mbatata ya kachewere. Fizi yanga ya kukoleji imachokera m'mizere imeneyo, ndipo madzi othirira amakokedwa ndi kainjini ka petulo komwe atsibweni anagula ku Lilongwe mu 2021. Nditapita kutchuthi mu Ogasiti ndinakapeza kakudwala. Kankagwira ntchito mphindi 15, kenako n'kuyamba kulira mokwera ndi motsika ngati munthu wa befu, kununkha chitsulo chopsa, basi zii. Mbatata inali itayamba maluwa, nthawi imene imafuna madzi kwambiri, ndipo mizere ya kumtunda inali itafota kale.

Atsibweni anali atayesa nzeru zawo. Chingwe choyatsira chitaduka, anachotsa chivindikiro chonse chofiira cha m'mbali mwa injini, n'kumakulunga chingwe cha nayiloni pagudumu poyatsa. Chivindikirocho sanachibwezerenso. "Mphwanga, munthu akamva kutentha amavula jekete," anandiuza. Injini ikapsa ankaithira madzi a m'chitsime, ine mtima uli m'mwamba, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka.

Vuto ndi loti jekete limeneli si lofunda. Injini zazing'onozi sizizizira ndi madzi ngati za galimoto. Gudumu lija lili ndi timapiko tokupiza mphepo, ndipo ntchito ya chivindikiro ndi kuilondolera mphepoyo kuti idutse m'zipsepse zachitsulo zozungulira silinda. Mukachichotsa, mphepo imangomwazika. Anthu amaganiza kuti ku Dedza injini singapse chifukwa kumazizira, koma boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa pamenepo ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Mpweya wopepuka umanyamula kutentha kochepa.

Koma zimenezi mungaziuze bwanji atsibweni amene anakulerani, amene akukulipirirani sukulu? M'kalasi timaphunzira kuti wophunzira amagwira bwino chimene wadzipezera yekha. Pepala la mayeso pa mutuwu ndinakhoza, koma padimba pakamwa panauma. Ndinangowapempha kuti aike dzanja pafupi ndi zipsepse injini ikulira. Kenako tinazimitsa, ndinakokolola matope ndi udzu zomwe zinamatirira, ndinamasula choyatsira chothyokacho pachivindikiro n'kubwezera chivindikiro chokha. Titayatsanso anaikanso dzanja. Mphepo yotentha inawawomba m'zala. Sanayankhule, anangokweza nsidze.

Ndinadzimva mainjiniya. Patapita mphindi 40 befu uja anayambiranso, ndipo atsibweni anandiyang'ana mmene amayang'anira mbuzi imene yalowa m'munda.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinawerengera mtengo wa injini yatsopano, ndinawerengera fizi, ndipo masamu ake sanandikomere. Chomwe chinandithandiza ndi chinthu chomwe ndinkachiyesa masewera tili Fomu 3. Aphunzitsi athu a sayansi anationetsa pa laputopu kanema wa tindege tamasewera touluka ndi tiinjini tochepa ngati chibakera. Tiinjiniti tili ndi kasingano kochepetsera kapena kuwonjezera mafuta. Wokonzayo akachepetsa mafuta, kainjini kankalira mokoma, mothamanga, koma posakhalitsa kankapsa n'kuzima kandege kali m'mwamba. Aphunzitsi anafotokoza kuti mafuta akamasanduka nthunzi m'kati mwa injini amachotsako kutentha, choncho injini yomwa mpweya wambiri ndi mafuta ochepa imatentha kuposa muyeso. Tsiku limenelo tinkangoseka kandege kakugwa m'tchire.

M'mawa ndinamasula pulagi. Pulagi ya injini yathanzi imaoneka ngati tiyi wamkaka, ya injini yomwa mafuta ambiri imada ndi mwaye. Yathuyi inali yoyera ngati phulusa. Injini inali ndi njala ya petulo ngakhale thanki inali yodzaza. Nditamasula kambale ka pansi pa kabureta ndinapeza dzimbiri, mchenga ndi timadontho tamadzi. Sindinadabwe. Kuchokera kwathu kukafika pamalo omwetsera mafuta ndi ulendo, ndiye petulo timagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wodutsa m'zigubu zosadziwika mbiri yake. Kabowo kodutsira mafuta kanali katatsala pang'ono kutsekekeratu. Ndinakatokosa ndi kawaya kamodzi kofewa kakopa kochokera m'nthambo yamagetsi, n'kukauzira mpaka kuwala kunaonekera. Musagwiritse singano, imakulitsa bowo.

Oyilo nayenso anali wakuda bii ndiponso wochepa. Injini imeneyi imangofuna oyilo woposa pang'ono theka la lita, koma tinakangana ndithu, atsibweni akuti wakaleyo akadali ndi mphamvu. Anagonja nditawaonetsa timiyala tonyezimira tachitsulo pachala changa.

Tsiku limenelo injini inalira kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa lili paliwombo osapumira. Mizere inayi ya kumtunda sinadzukenso, ina yonse inapulumuka. Tsopano petulo timasefa ndi kansalu tisanathire m'thanki.

Ndikunyamuka kubwerera kusukulu ndinadzera kudimba kukatsanzika. Ndinapeza atsibweni atanjuta pa injini ya mnansi wathu, yomwenso inali yovula. Anagwira dzanja la mwini wakeyo n'kuliika pafupi ndi zipsepse.

"Mukumva mphepo apa, achimwene? Simukumva. Katengeni jekete lake."